Tebulo limene ndidagula ndi ngongole ya gulu

Amayi apampando, alembi, asungichuma, ndi inu nonse amayi anzanga amene mwabwera kuno ku Rustenburg, komanso inu amene mukutimvera pa foni ku Lilongwe, ku Chipata, ku Tete ndi ku Harare, ndikupereka moni. Ndathokoza pondipatsa mpata woyankhula pa tsiku lino lokumbukira zaka 10 za gulu lathu.

Apampando atandiuza kuti ndidzayankhule, ndidaganiza zokamba za tomato ndi usipa, poti ndiye malonda anga a tsiku ndi tsiku. Iwo adakana. Adati, “Ayi amayi, mukambe za tebulo lija, anthu amve zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.” Ndiye lero ndikamba za tebulo.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Agogo anga aamuna adabwerako kuno ku Joni nthawi ya Theba, kudzakumba pansi. Ine ndidabwera mu 2011 kudzagulitsa pamwamba. Amene mudali kuno mukukumbukira za pa 16 Ogasiti 2012 ku Marikana, pamene anthu 34 ogwira ntchito mu mgodi adaphedwa tsiku limodzi. Mukukumbukiranso sitiraka ya 2014 imene idatha miyezi isanu, kuyambira Januwale mpaka Juni. Nthawi imeneyo tidaphunzira kuti wa pamsika amadya pamene wa mu mgodi walandira. Tomato ankaola tikumuyang'ana. Ambirife mpamba udathera m'mimba. Ndi njala imeneyo imene idatikankha kuti mu 2015 tiyambe kusonkha, monga achitira anzathu a banki m'khonde kumudzi ndi a stokvel kuno.

Mu 2022 ndidayamba kufuna geni yachiwiri, yoti isaole ikakhala osagulidwa. Pafupi ndi pamene ndimakhala pali shabini imene ili ndi tebulo la pool, lija loponya ndalama. Ndinkaona anyamata a shifiti ya m'mawa akuima pamzere madzulo, aliyense R5 m'manja. Ndidafunsa mtengo wa tebulo lotere, ndidapeza kuti ngakhale logwiritsidwapo kale ntchito lidali lopitirira mphamvu zanga. Kenaka mwana wa mchemwali wanga adandionetsa pa Facebook bambo wina wachikulire wa m'tauni amene ankasamuka, akugulitsa tebulo lake R4,500 yokha. Pachithunzi lidali lokongola, matabwa onyezimira, miyendo yonenepa. Adalemba kuti ndi la snooker. Ine ndidati snooker ndi pool n'chimodzimodzi, zonse ndi ndodo ndi mipira. Ndidabwera kwa inu, mudandibwereka R8,000, yobweza pa miyezi inayi, chiwongoladzanja 10 pa 100 pamwezi monga mwa lamulo lathu.

Amayi anzanga, safunsa adadya phula. Ndikuuzeni zimene ndidadziwa ndalama nditapereka kale.

Choyamba ndi kukula kwake. Tebulo la snooker lenileni la mipikisano limatalika mafiti 12 ndipo m'lifupi ndi mafiti 6, kulemera kwake kumapitirira tani imodzi. Mwayi wanga udali woti langa lidali laling'ono, la mafiti 8 ndi 4, kapena kuti mamita 2.4 ndi 1.2. Koma matebulo ambiri a m'mashabini ndi a mafiti 7. Chimene sindidaganize ndi ndodo. Ndodo yosewerera imatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo munthu amafunika malo oikokera kumbuyo mbali zonse zinayi. Tebulo langa linkafuna chipinda cha mamita oposa 5 m'litali ndi oposa 4 m'lifupi. Changa chidali cha mamita 4 ndi 3 ndi theka. Ndidachita kupempha mwini malo kuti ndigwetse khoma limodzi la malata ndi kukulitsa. Malata, mitengo ndi simenti yapansi zidandidyera R2,800, ndipo lendi idakwera.

Chachiwiri ndi kunyamula. Pansi pa nsalu yobiriwira ija si thabwa ayi, ndi mwala wa sileti, ngati uja ankalembapo makolo athu kusukulu, koma wochindikala. Langa lidali ndi miyala itatu. Tebulo lotere silinyamulidwa lathunthu. Amamasula m'mbali, kuchotsa nsalu, n'kunyamula mwala umodziumodzi chili chiimire, chifukwa ukaugoneka pa bakkie n'kugunda dzenje umasweka, ndipo ukasweka tebulo latha. Bakkie ndi amuna anayi adatenga R1,200.

Chachitatu ndi kulimanga. Mlamu wanga adati iye ndi kalipentala, alimanga yekha. Adalimangadi, koma mpira ukauika pakati unkayenda wokha kulowera kukona ngati waitanidwa. Ndidachita kufuna mmisiri weniweni wa matebulo. Iyeyo adabwera ndi levo, adakhala tsiku lonse akukweza mwendo uwu ndi kutsitsa uwo, adamata pamene miyala imakumana kuti pakhale see, adaika nsalu yatsopano poti yakale idang'ambika pochotsa. Adagogodanso mphira wa m'mbali ndi chala, n'kunena kuti udakali wofewa. Ukadakhala wouma, bwenzi ndikuliranso ndalama ina. Iye adatenga R3,200.

Chachinayi, chimene chidandichititsa manyazi, ndi mipira. Snooker amasewera ndi mipira 22: yofiira 15, ya mitundu ina 6, ndi woyera umodzi. Pool amasewera ndi 16. Ndidapita kusitolo n'kugula mipira ya manambala, osadziwa kuti ilipo ya misinkhu iwiri. Ndidatenga ikuluikulu ya chi America, ya mamilimita 57. Koma mabowo a tebulo la snooker ndi opapatiza, milomo yake ndi yozungulira, ndipo adapangira mpira wa mamilimita 52 ndi theka. Mipira yanga inkafika pabowo n'kubwerera, ina ikagunda mphira inkadumpha chifukwa mphirawo udali wotsika kwa iyo. Anyamata adandiseka sabata yathunthu. Mmisiri uja ndiye adandiuza kuti ndigule ing'onoing'ono ya mainchesi awiri, pafupifupi mamilimita 51, imene amagwiritsa m'mashabini. Adandionetsanso kuti zolemba pansalu sizivuta: mzere woyambira ndi womwe uja wa snooker, ndipo kadontho kamene pa snooker pamakhala mpira wa pinki ndi pamene pa pool pamakhala wakuda. Mipira ya mitundu iwiriyo, ndodo zinayi, choko ndi kathabwa kosanjira mipira zidakwana R1,500.

Werengani nane. Tebulo la R4,500 lidafika pa R13,200 lisanandipatse ngakhale randi imodzi. Ngongole idali R8,000. Yotsalayo ndidaichotsa pa mpamba wa tomato ndi pa ndalama imene ndimatumiza kwa amayi anga ku Ntcheu. Miyezi iwiri amayi sadalandire kanthu, ndipo sindidawauze chifukwa chake.

Mwezi woyamba ndidabweza. Wachiwiri ndidalephera. Ndikukumbukira msonkhano wa tsiku limenelo. Mayi wina wa ku Chipata adayankhula mosabisa pa foni kuti ndalama za amayi zapita ku masewera a anthu oledzera, ndipo lamulo ligwire ntchito, tebulo ligulitsidwe. Mtima udandiwawa, koma lero ndikuti adanena zoona zake, poti mu ndalama ija mudalinso thukuta lake. Asungichuma adapempha kuti ndibweretse kope la malonda. Mudaliona, mudakambirana, mudandionjezera miyezi itatu ndi chindapusa. Ndidamaliza mwezi wachisanu ndi chiwiri. Mukadandilanda tebulo tsiku lija, bwenzi litagulidwa theka la mtengo, ine n'kutsala ndi ngongole ndi chipinda chopanda kanthu.

Tsopano za mmene likuyendera. Tebulo la snooker lilibe makina oponyamo ndalama. Pa tebulo la m'shabini mpira ukalowa umatsekeredwa m'kati, woyera wokha ndi umene umatuluka chifukwa ndi wocheperako. Pa langa mipira imagwera m'timaukonde, aliyense akhoza kuitulutsa n'kuyambiranso. Choncho pamafunika munthu wolandira ndalama ndi kusunga mipira. Ndidaika mwana wa mchemwali wanga uja, ndipo ndimamulipira. Chinanso, poti mabowo ndi opapatiza, gemu imachedwa kutha. Pamene kwa anzanga atha magemu awiri, kwa ine yatha imodzi. Poyamba ndidadandaula. Kenaka ndidaona kuti akatswiri, aja amasewera mipikisano ya m'mashabini, adayamba kubwera dala, akuti ukazolowera mabowo anga, a kwina amaoneka ngati zitseko za tchalitchi. Iwowa ndimawalipiritsa pa ola. Mwezi wabwino tebulo limabweretsa cha m'ma R3,000, makamaka kumapeto kwa mwezi anthu akalandira. Koma phindu lina lili pambali: odikira mzere amagula mandasi, zakumwa zozizira ndi mayunitsi.

Ndili ndi malamulo anayi olembedwa pakhoma. Mowa sulowa. Kubetcherana ndalama n'koletsedwa, poti ndewu zonse za pa pool zimayambira pamenepo, ndipo ife alendo m'dziko muno sitifuna apolisi pakhomo. Mwana wa yunifolomu sasewera nthawi ya sukulu. Ikakwana 9 koloko usiku timatseka. Amene ankafunsa ngati geni iyi ndi yoyenera mayi wa Chigwirizano, yankho langa ndi malamulo amenewa. Nsalu timaisesa ndi bulashi kulowera mbali imodzi, kuchokera koyambira kupita kumtunda, ndipo usiku timaphimba chifukwa cha fumbi la kuno. Mu 2023, magetsi atavuta kwambiri, ndidagula nyale yotchaja.

Musaganize kuti tebulo lidandichotsa m'manja mwa mgodi. Mtengo wa miyala ya kuno utagwa, mu 2024 makampani adachepetsa anthu. Impala idalengeza kuti ntchito pafupifupi 3,900 zikhoza kutha, ndipo Sibanye-Stillwater nayo idachotsa anthu. Chaka chimenecho ndalama ya pa tebulo idatsika ndi theka. Kusiyana kwake n'koti tebulo silidaole. Lidadikira.

Ndiye pempho langa ku gulu ndi ili, ndipo alembi mulilembe. Mayi akafuna ngongole yogulira chinthu chakale, kaya ndi firiji, makina osokera, chigayo chaching'ono kapena tebulo ngati langa, asapite yekha. Apite ndi amayi awiri a gulu ndi munthu wodziwa chinthucho, ndipo malipiro a munthuyo alowe mu ngongoleyo. Atenge tepi, ayeze chinthucho, ayezenso malo amene chikakhale. Alembe mtengo wonse mpaka tsiku limene chidzayambe kubweretsa ndalama: kunyamula, kukonza, zipangizo ndi lendi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndikadachita zimenezi, mwina ndikadagulabe, koma ndikadapempha ndalama yokwanira ndi miyezi yokwanira, ndipo amayi anga sakadagona ndi njala chifukwa cha manyazi anga.

Kwa inu amayi a ku Chipata aja, ngati mukumva, ndikuti zikomo pondidzudzula pamaso. Kwa asungichuma, zikomo poŵerenga kope langa musanandiweruze. Ndipo nonse amene muli kuno, mwambo ukatha tiyeni kwathu. Lero amayi asewera ulere, ndodo zilipo zinayi.

Ambuye adalitse gulu lathu.