Chifukwa Chake Munthu Alephera Kuleka Mowa, Fodya ndi Chamba

Mawu okambidwa pa msonkhano wa mafumu, aphunzitsi ndi makolo

Ndabwera ndi funso limodzi. Nanga bwanji munthu alumbira m'mawa kuti sadzamwanso, koma madzulo tim'peza ali pa kachasu? Ena timati alibe nzeru, ena timati analodzedwa. Koma madokotala apeza kuti chimene chasintha ndi thupi lake.

Munthu akamwa mowa, mowawo ulowa m'magazi podzera m'mimba ndi m'matumbo, ndipo pa mphindi zowerengeka wafika ku ubongo. Kumeneko uchedwetsa ntchito ya ubongo. Ndicho chifukwa chake woledzera adzandira, lilime limlemera, ndipo manyazi amthera. Chiwindi ndicho chichotsa mowa m'magazi, koma chichita pang'onopang'ono: botolo limodzi laling'ono chilitha pa ola lathunthu kapena kuposerapo. Kusamba madzi ozizira kapena kumwa tiyi sikufulumizitsa ntchitoyi ayi. Munthu akamwa kwambiri zaka zambiri, chiwindi chiuma ndi zipsera, mimba itupa madzi, maso achita chikasu.

Fodya ali ndi mankhwala otchedwa nikotini, amene afika ku ubongo masekondi 20 asanathe. Chamba chisokoneza chikumbumtima ndi maganizo, ndipo achinyamata ena chiwadzutsira misala.

Tsono msampha wagona apa. Ubongo uli ndi njira yake yotikondweretsa tikadya nsima tili ndi njala, kapena tikacheza ndi abale. Mowa, fodya ndi chamba zitsegula njira yomweyo mwamphamvu, ndipo ubongo uphunzira kuzifuna. Poyamba chipanda chimodzi chikwanira. Thupi likazolowera, zifunika ziwiri kapena zitatu kuti munthu amve monga kale. Pambuyo pake samweranso kukondwa, koma kuti manja aleke kunjenjemera ndi kuti tulo tibwere. Chimenechi ndicho chibaba. Munthu wotere agulitsa chimanga cha m'nkhokwe ndi feteleza yemwe, akudziwa bwino kuti ana agona ndi njala.

Apa tamverani bwino, pakuti ndi nkhani ya moyo. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asaleke mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Ayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, ndipo pa masiku awiri kapena atatu angathe kugwa ngati wakhunyu ndi kuona zinthu zimene palibe. Ena amafa nazo. Musam'tsekere m'nyumba kapena kum'manga. Pitani naye kuchipatala, kumene kuli mankhwala om'thandiza kupyola masiku ovutawo. Chipatala cha Zomba Mental ndiponso cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe zithandiza odwala otere. Akabwerera ku mowa ataleka, musataye mtima. Ambiri amene analeka ndithu anayesa kangapo.

Ena akuti chamba chinaloledwa. Lamulo la 2020 lilola okhawo amene ali ndi chiphaso cha Boma kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale. Kusuta chamba ukadali mlandu.

Mawu anga otsiriza apite kwa makolo ndi aphunzitsi. Ubongo wa mwana upitirira kukula kufikira zaka pafupifupi 25, ndipo woyamba ali wamng'ono ndiye akodwa msanga. Tisatume ana kukagula mowa kapena kukayatsa fodya pamoto. Aphunzitsi, mukaona mwana amene ankakhoza ayamba kujomba ndi kuwodzera m'kalasi, mufunseni mofatsa ndipo muonane ndi makolo ake. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.