MBUZI ZIWIRI NDI GALIMOTO

Madzulo ano ndadza ndi mwambi wa ku America umene unasokoneza ngakhale anthu ophunzira kwambiri. Dzina lace unatengera kwa Monty Hall, amene mu 1963 anayamba kutsogolera masewera a pa wailesi ya kanema ochedwa Let's Make a Deal.

Pali zitseko zitatu zotseka. Kuseri kwa cimodzi kuli galimoto, kuseri kwa ziwiri zinazo kuli mbuzi. Inu musankha citseko cimodzi. Mwini masewera, amene adziwa kumene kuli galimoto, nthawi zonse atsegula cina mwa zotsalazo cimene cili ndi mbuzi, nakufunsani ngati mufuna kusintha. Kodi mungatani?

Ambiri amati kusintha kulibe phindu, popeza zitseko zatsala ziwiri. Mu 1990 Marilyn vos Savant analemba m'magazini ya Parade kuti wosintha ndiye acita bwino, ndipo anthu zikwizikwi anawalembera makalata owatsutsa. Koma mai ameneyu ananena zoona.

Taganizani. Pa kusankha koyamba kuja, mwa maulendo atatu mulasa galimoto kamodzi, mbuzi kawiri. Mukalasa mbuzi, mwini masewera sangacitire mwina koma kutsegula pa mbuzi inayo, ndipo galimoto itsala kuseri kwa citseko cacitatu. Cotero wosintha apambana kawiri mwa katatu, wokakamira kamodzi kokha.

Ngati mukayikabe, vundikirani kamwala ndi cimodzi mwa zikho zitatu, muyese ndi ana anu maulendo 30, muwerenge nokha. Tsalani bwino.