Oyilo wa motosera m'nyengo yozizira

 Ine mawu anga ndi a motosera, makina ochekera mitengo aja, makamaka oyilo wa tcheni.

Kuzizira kwa Juni ndi Julaye kuno ku Angonia ndi ku Tsangano tonse tikukudziwa. Ndi nthawi yomweyonso timagwetsa bulugamu wa matabwa ndi nkhuni tikamaliza kukolola. Ambirife motosera timachita kubwereka, ndiye ikafera m'manja mwako, ndalama ya mbatatesi imathera kulipira mwini wake.

Motosera ili ndi matanki awiri. Ina ndi ya petulo wosakaniza ndi oyilo wa injini, ina ndi ya oyilo wa tcheni yekha. Kukazizira oyilo wa tcheniyu amalimba ngati uchi wogonera panja. Kapampu ka m'kati kamalephera kumukankha, ndiye tcheni chimayenda chouma. Chikatero chimatentha, chimatamuka, chimadya ngalande ya chitsulo chomwe chimayendapo. Mukaona utsi pocheka, kapena m'mbali mwa chitsulo mwapsa, zimitsani msanga.

Nanga titani? Choyamba, chigubu cha oyilo chizigona m'nyumba. M'mawa chiikeni padzuwa pang'ono, koma pamoto ayi ndithu. Pogula funsani oyilo wa tcheni wopepukirapo, woyenera nyengo yozizira. Osamusungunula ndi petulo.

Chachiwiri, yesani musanayambe kucheka. Lizani makina, mulozetse nsonga pachitsa chodula kumene, motalikira masentimita 20, osakhudza. Pakatha mphindi imodzi pazioneka kamzere ka oyilo. Ngati palibe, zimitsani, masulani chitsulo, muchotse utuchi pakabowo ka oyilo ndi m'ngalande. Makina ena ali ndi kasikuluwu koonjezera oyilo, katseguleni pang'ono.

Chachitatu, mukathira petulo dzazaninso oyilo wa tcheni. Petulo akatha, oyiloyu amayenera kukhala atatsala pang'ono. Mukapeza tanki yake ikadali yodzaza, dziwani kuti sakutuluka.

Tsono pali chizolowezi ichi chothira oyilo wakuda wokhetsa m'njinga yamoto. Amati ndi waulere, komanso salimba kukazizira. Abale anga, waulereyo ndiye wodula! Muli tizitsulo tating'onoting'ono todya pampu, sakakamira patcheni, ndiponso ndi woipa pakhungu. Kumbukirani kuti oyilo wa tcheni yense amathera pansi, m'munda momwe tidzalemo chimanga.

Chomaliza, ngati munamanga tcheni chili chotentha, chimasuleni pang'ono poweruka. Chitsulo chikazizira chimafupika, ndiye usiku chimakoka mpaka kuononga za m'kati mwa injini.

Amene mumabwereketsa makina, muziwauza anyamata zimenezi musanawapatse. Inu obwereka, pemphani mwini wake ayese oyilo pachitsa nonse mukuona, kuti mawa pasakhale milandu kwa amfumu.