Loya wa ku Scotland Amene Anatula Pansi Unduna



Mwandipempha kuti ndinenepo za ntchito ya malamulo, popeza ana athu ambiri masiku ano akulakalaka uloya. Ine ndasankha kukuuzani mbiri ya loya mmodzi, Bambo Colin Cameron, chifukwa akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Bambowa anabadwa m'chaka cha 1933 ku Scotland, ndipo anaphunzira za malamulo pa Yunivesite ya Glasgow. M'chaka cha 1957 anabwera ku Blantyre kudzagwira ntchito ya uloya. Nthawi imeneyo dziko lino linali Nyasaland, ndipo linali m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene makolo athu ankachikana.

Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linayamba kugwira atsogoleri a Congress ndi kuwatsekera osawazenga mlandu. Azungu ambiri anaombera m'manja. Koma a Cameron anaima m'makhoti kuteteza ena mwa Amalawi amene ankaimbidwa milandu. Ataona zimenezi, Dr Kamuzu Banda anawapempha kuti aime pa chisankho cha mu Ogasiti 1961. Anapambana ku Soche ndipo anasankhidwa kukhala Nduna ya Zomangamanga ndi Mtengatenga.

Tsono mvetserani apa, anzanga. Tinalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Mwezi womwewo usanathe, Dr Banda anafuna kubwezeretsa mphamvu zotsekera munthu popanda kumutengera ku khoti. A Cameron anakana. Chimene anachitsutsa chikuchitidwa ndi atsamunda sakanachivomereza chifukwa choti tsopano wochita anali mtsogoleri wawo. Anatula pansi unduna, pamodzi ndi malipiro ndi ulemu wake.

Mu Seputembala chaka chomwecho nduna zinasemphana ndi Dr Banda. A Orton Chirwa, a Kanyama Chiume ndi a Augustine Bwanausi anachotsedwa. A Yatuta Chisiza, a Henry Masauko Chipembere ndi a Willie Chokani, phungu wathu wa Chiradzulu, anatula pansi maudindo. Chaka chisanathe a Cameron anakakamizika kubwerera ku Scotland. Chimene ankaopa chija chinachitikadi: kwa zaka pafupifupi 30 anthu ankatsekeredwa ku Dzaleka ndi ku Mikuyu osaonekera pamaso pa woweruza. A Orton Chirwa, loya woyamba wa Chimalawi, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwerera mu 1994, Pulezidenti Bakili Muluzi anasankha a Cameron kukhala kazembe waulemu wa Malawi ku Scotland.

Lero gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likunena kuti munthu akagwidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene amamva, aloledwe kuonana ndi loya, ndipo atengeredwe ku khoti pasanathe maola 48. Kodi ndi angati m'midzi yathu ino amene akudziwa zimenezi? Mwana wa mnzathu akagona m'chitolokosi sabata yathunthu, ife ophunzira timangoti si zathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, bungwe lathu lizitumiza wodziwa malamulo kamodzi pa teremu kudzacheza ndi ana a sukulu ino pamodzi ndi makolo awo. Chachiwiri, inu ana amene mukufuna uloya, musakopeke ndi mwinjiro ndi galimoto zokha. Tsiku lina adzakufunsani kusaina chinthu chokhota, ndipo wofunsayo adzakhala amene amakulipirani. Konzekani lero yankho lanu.