Mlandu Ukakugwera, Werenga Masiku

Mawu kwa ophunzira a sukulu ya akuluakulu, mu mzinda wa Tete

Ena mwachokera ku Angónia, ena ku Macanga, ena ku Chifunde ndi ku Moatize. Mwaoloka Zambezi kudzafika muno mu Tete. Lero tikambirane za milandu.

Woweruza ndi munthu, ndipo munthu amalakwitsa. N'chifukwa chake lamulo limalola amene sanakhutire ndi chigamulo kupempha kuti khoti lalikulu liunikenso mlandu wake. Pempho limeneli timati apilo. Pa Chipwitikizi amati recurso. Mawu amenewa tiwadziwe, chifukwa makalata a ku khoti amalembedwa m'Chipwitikizi.

Makhoti ali ngati makwerero. Pansi pali bwalo la m'mudzi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992. Ntchito yake ndi kuyanjanitsa anthu. Amene sanagwirizane nalo angathe kupita ku khoti la boma laling'ono, monga la ku Ulongwe kapena la ku Furancungo. Apilo yochokera kumeneko imabwera ku khoti la chigawo, muno mu Tete. Mlandu waukulu umene unayambira ku khoti la chigawo, apilo yake imapita ku Beira, ku khoti la apilo limene linabwera ndi lamulo la 2007. Pamwamba pa onse pali Tribunal Supremo, ku Maputo.

Koma khomo la apilo silikhala lotsegula masiku onse. Pa milandu ya katundu ndi ngongole, lamulo limapereka masiku 8 okha. Masikuwo amayamba kuwerengedwa munthu akadziwitsidwa chigamulo. Milandu ya upandu, ya ntchito ndi ina ili ndi masiku akeake. Tsono funsani tsiku lomwelo kuti, "Kodi ndili ndi masiku angati?" Paja safunsa anadya phula.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Tiyerekeze kuti mayi wina wagonja pa mlandu wa ng'ombe. Wa ku khoti wabwera ndi kalata Lolemba, pa 3. Mayi uja wasaina. Tsiku losainalo siliwerengedwa. Tsiku loyamba ndi pa 4. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndi pa 11, Lachiwiri. Mayi uja akati, "Ndiyambe ndakolola, ndigulitse mbatata, ndipeze ya ulendo," masiku atha. Akafika pa 20, khoti silifunsanso kuti ng'ombe zinali za yani. Limangoona tsiku. Chigamulo chakhazikika, ng'ombe zapita. Madzi akatayika saoleka.

Zimenezi sizigwera osauka okha. Pa chisankho cha makhonsolo cha pa 10 Okutobala 2018, lamulo linkapereka maola 48 okadandaula ku khoti. Madandaulo ena a zipani anakanidwa chifukwa chofika mochedwa. Ngati zipani zokhala ndi anthu ophunzira zinabwezedwa pakhomo, nanga ife alimi?

Tsono tichite chiyani?

Choyamba, tisasaine kalata imene sitinaimve. Tipemphe kuti atiwerengere ndi kutimasulira m'chinenero chathu. Tione tsiku limene lalembedwa pamenepo. Tsikulo tililembe m'kope lathu ndi dzanja lathu.

Chachiwiri, powerenga masiku tiwerenge onse, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Kufika msanga sikulakwa. Tisadikire tsiku lomaliza, pakuti galimoto imafa, mtsinje umadzaza.

Chachitatu, tidziwe kopereka pempho. Pempho la apilo siliyamba ulendo wa ku Beira kapena ku Maputo. Limaperekedwa ku ofesi ya khoti lomwelo limene linagamula mlandu. Tilembe mapepala awiri. Lina tisiye, lina atidindire chidindo cha tsiku, tibwerere nalo kunyumba. Pepala limenelo ndi mboni yathu. Tilisunge posafika chiswe ndi mvula.

Chachinayi, tifune wodziwa malamulo. Apilo si kulira chabe kuti "andilakwira". Pamafunika kusonyeza pamene woweruza analakwitsa, ndipo zifukwazo nazonso zili ndi nthawi yake yozipereka. Ndiponso milandu ina ya ndalama zochepa ilibe apilo. Amene alibe ndalama yolipira loya apite ku IPAJ, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa mu 1994 kuti lizithandiza osauka pa milandu. Muno mu Tete lili ndi ofesi. Tinyamule chitupa chathu, kalata ya ku khoti, ndi kalata yochitira umboni kuti ndife osauka.

Wina afunsa kuti, "Nanga ndikadwala, kapena madzi akatseka njira?" Lamulo limamva chifukwa chenicheni chimene munthu sakanatha kuchipewa. Koma limafuna umboni, monga kalata ya kuchipatala. Limafunanso kuti munthu apite ku khoti msangamsanga vutolo likangotha. Kuiwala si chifukwa. Kusadziwa lamulo si chifukwanso.

Anzanga, kale ambiri a ife tinkadinda chala pa pepala osadziwa zimene zalembedwa. Lero tikuphunzira zilembo ndi manambala. Amene akudziwa kuwerenga 3 ndi 11 angathe kupulumutsa ng'ombe zake ndi za mnansi wake. Mukabwerera kumudzi, kauzeni amfumu, kauzeni abale. Wina akalandira kalata ya ku khoti, muwerengereni tsiku lomwelo.

Mafunso

1. Kodi apilo n'chiyani?
2. Kodi pempho la apilo timalipereka kuti?
3. Bambo wina wagonja pa mlandu wa ngongole ndipo wasaina kalata pa 15. Kodi tsiku lake lomaliza ndi liti?
4. Lembani m'kope lanu tsiku la lero, mwezi ndi chaka.