Ngongole ya Januwale imabadwa mu Juni



Mwandipempha kuti ndilankhule za ndalama ndi ngongole, ndipo mwasankha nthawi yabwino, chifukwa ino ndiyo nyengo imene ndalama ili m'manja. Soya watuluka, mtedza ukukumbidwa, chimanga chili pamikukwe, mabelo a fodya ali pa ulendo wa ku Kanengo. Pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo, paliponse pamene pali mthunzi pali sikelo ya venda. Ndikudziwa kuti munthu amene thumba lake latupa safuna kumva za ngongole. Koma mfundo yanga lero ndi imodzi basi: ngongole imene imatisowetsa tulo mu Januwale ndi Febuluwale timaipanga tokha mu Meyi, Juni ndi Julaye. Ikafika Januwale timangokasaina.

Tiyambe ndi mmene ndalama imayendera kwathu kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi. Mphunzitsi kapena namwino amalandira kakhumi ndi kawiri pachaka. Ife a kumunda timalandira kamodzi, mwina kawiri ngati uli ndi dimba. Koma mimba imafuna nsima miyezi yonse 12, fizi imafunika katatu, malungo sapanga pangano, maliro sauza munthu. Ndiye kuti ndalama imene mwagwira leroyi musaiyese yambiri. Ndi malipiro a chaka chathunthu amene angobwera tsiku limodzi. Amene wapeza K600,000 pa soya, akaigawa pa miyezi 12 aona kuti ndi munthu wa K50,000 pamwezi, ndipo mmenemo simunachoke za mbewu ndi feteleza wa chaka chamawa. Kodi munthu wa K50,000 pamwezi angagule foni ya K200,000? Koma mu Juni timagula, eti?

Tsono taonani mtengo wa kulakwitsa masamu amenewa. Ikafika Januwale, ufa watha, chimanga cha kumunda chikufuna feteleza wobereketsa, mwana akufuna fizi ya teremu yachiwiri. Munthu amathamangira kwa wakatapila. Tiyerekeze kuti watenga K50,000 pa chiwongoladzanja cha 50 peresenti pamwezi, ndipo mukudziwa kuti ena amachita kufika pa 100. Mwezi ukatha ngongole ija ili pa K75,000. Ndalama yobwezera palibe, chifukwa mbewu zikadali kumunda, ndiye wakatapila amawerengera chiwongoladzanja pa zonse. Mwezi wachiwiri K112,500. Wachitatu K168,750. Wachinayi, pamene soya akutuluka, K253,125. Munatenga K50,000, mukubweza kasanu. Ndiye kuti mwalima, mwapalira, mwabandira, mwazula, mwamenya, koma soyayo ndi wa munthu amene sanapondeko m'munda mwanu.

Ngongole ina imabwera ngati chifundo. Munthu amakupatsa ndowa ya chimanga mu Febuluwale, akuti udzabweze ziwiri kapena zitatu pokolola. Wina amakupatsa ndalama mbewu zili kumunda, akuti udzam'patse matumba a soya pamtengo umene wadula iye lero. Pamenepo sipatchulidwa mawu akuti chiwongoladzanja, koma ukawerenga bwino ndi katapila yemweyo, wangovala malaya ena. Choipa chake n'chakuti ngongole yotere imadya chaka chamawa. Wokolola matumba 15 n'kubweza 6 watsala ndi 9, ndipo ufa wake udzatha msanga kuposa chaka chatha. Januwale wotsatira abwereranso kwa munthu yemwe uja. Mabanja ena m'midzi mwathu muno akhala akuzungulira chonchi zaka zambiri, ndipo si aulesi ayi.

Nanga banki m'khonde? Banki m'khonde ndi chinthu chabwino. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger m'chaka cha 1991, ndipo cholinga chake chinali chakuti anthu a m'mudzi azisunga pang'onopang'ono, azibwerekana okhaokha, chiwongoladzanja chizibwerera kwa eni ake pa tsiku logawana. Koma magulu ambiri amaika 20 peresenti pamwezi, ndiye kuti pa K50,000 mukulipira K10,000 mwezi uliwonse. Ndalama yotere imafuna geni imene imatembenuka msanga, monga tomato, mandasi, kaunjika kapena nkhuku. Ukaitenga n'kugulira sipika, kapena kuikwirira m'munda wa chimanga umene udzakolole patatha miyezi isanu, walowa m'mavuto. Ndipo matenda aakulu a masiku ano ndi kukhala m'magulu atatu kapena anayi nthawi imodzi, kukongola uku kuti ukabweze uko. Tamvapo za anthu olandidwa malata ndi ziwiya, tamvapo za othawa m'mudzi usiku, maukwati atha. Gulu limodzi n'lokwanira.

Ngongole za pafoni nazo tisazione kuchepa. Kubwereka mayunitsi, kubwereka ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, zonsezi zili ndi kake kowonjezera, ndipo kamaoneka kochepa chifukwa simuonana ndi munthu maso ndi maso. Musanadine batani, werengani kuti mutenga zingati, mubweza zingati, pa masiku angati. Chimodzimodzi ngongole ya boma: dzinali lisakunamizeni kuti ndi mphatso, imabwezedwa. A fodya wa kontirakiti mukudziwa kale kuti feteleza ndi zipangizo zimene kampani inapereka zimadulidwa fodya akagulitsidwa. Ndalama yanu ndi yotsalayo, osati imene yalembedwa pamwamba pa pepala.

Tsopano tichite chiyani ndi ndalama imene ili m'manjayi? Ndikupemphani kuti muigawe motsatana chonchi, ndipo musadumphe.

Choyamba ndi chakudya. Funsani amayi kapena akazi anu kuti pakhomo pamapita chimanga chochuluka bwanji kuchigayo pamwezi. Ngati ndi thumba limodzi, matumba 12 ndi osakhudza, muwonjezerepo awiri a alendo ndi maliro. Thirani mankhwala a anankafumbwe kapena sungani m'matumba a PICS, mutseke. Chimanga chimatchipa pokolola ndipo chimakwera mtengo nthawi ya njala, chaka ndi chaka. Amene amagulitsa chakudya chake mu Juni amadzagula chimanga chomwecho mu Febuluwale kwa venda yemweyo, pamtengo wowawa, ndi ndalama yakatapila.

Chachiwiri ndi ngongole zakale. Bwezani tsopano, ndalama isanayambe kusungunuka.

Chachitatu ndi munda wa chaka chamawa, mbewu ndi feteleza. Gulani tsopano, ngakhale thumba limodzi, musadikire Novembala. Apa ndikufuna mumvetse chifukwa chake. Mu Meyi 2022 Kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Amene anasunga ndalama pansi pa mphasa anadzuka m'mawa ndalama zake zili zomwezo, koma zikugula zochepa. Ngakhale feteleza wa makuponi, amene thumba linali K4,495 pamene AIP inkayamba mu 2020, linafika pa K7,500 chaka chotsatira, kenako K15,000 mu 2022. Wa m'sitolo ndiye anadutsa K100,000. Komanso dzina lanu likhoza kutuluka pa mndandanda wa makuponi kapena osatuluka. Munda wanu usadalire mndandanda umene simulemba inu. Thumba la feteleza limene lili m'nyumba siligwa mphamvu. Mbuzi nayo siigwa mphamvu, imaswa.

Chachinayi ndi fizi. Ngati sukulu ikulola, lipirani pasadakhale ndipo musunge lisiti. Ngati siilola, ikani ndalamayo pamalo povuta kuitenga, kaya ku banki, kaya ku SACCO yovomerezeka. Ma SACCO ndi ma banki amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo muli ndi ufulu wofunsa chiphaso chawo musanasiye ndalama zanu. Munthu akabwera ndi nkhani yakuti ikani K20,000 lero mulandire K60,000 sabata yamawa, kumbukirani chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachisanu ndi kangachepe ka zadzidzidzi: thiransipoti yopitira kuchipatala, mankhwala, chipepeso. Anthu ambiri amene amagwa m'manja mwa akatapila sikuti amafuna ndalama zambiri. Amasowa K15,000 usiku umodzi mwana atadwala.

Zikatsala pamenepo, sangalalani nazo. Gulani nsapato, gulani chitenje cha amayi, idyani nyama. Sindinabwere kudzaletsa munthu kudya thukuta lake. Ndikungoti chisangalalo chikhale kumapeto kwa mzere, chifukwa chikakhala kutsogolo chimadya anzake onse.

Ndipo pogulitsa mbewu, musagulitse ngati mukuthawa moto. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, idziweni musanapite kumsika. Yezani thumba lanu pa masikelo awiri. Mukasonkhanitsa soya wanu anthu khumi n'kugulitsa pamodzi, venda amalankhula mwaulemu kusiyana ndi mmene amalankhulira kwa munthu wa ndowa imodzi.

Ena mwa inu mukuti, ife tilibe munda, timadalira ganyu, kabaza, kumeta, kuwotcha tchipisi, ndalama yathu ndi ya tsiku ndi tsiku. Zoona. Koma nanunso muli ndi Juni wanu. Nyengo ino makasitomala ndi ambiri chifukwa alimi ali ndi ndalama, ndipo mvula ikagwa msewu uli matope, anthu ayamba kuyenda wapansi, ometetsa achepa. Ndiye sungani tsopano. Kwa inu mdani wamkulu ndi ndalama zing'onozing'ono zimene zimatuluka mosaoneka: bandulo yoonera TikTok, kubetcha mpira, kandege, kabotolo ka madzulo. K1,000 patsiku ndi K30,000 pamwezi, ndi K365,000 pachaka. Imeneyo ndi mbuzi zingati? Za kandege ndinene mosabisa: kampani yobetcha imalipira antchito, lendi ndi misonkho kuchokera m'ndalama za oluza. Wopambana mmodzi amajambulidwa chithunzi, oluza mazanamazana amapita kwawo mwakachetechete. Ndipo kubetcha ndi ndalama yokongola ndiko kumene kwagwetsa anyamata ambiri amene tonse tikuwadziwa.

Tsono kwa inu amene muli kale m'ngongole, ndipo ndikudziwa kuti mulipo muno ngakhale simukweza mkono. Musachite manyazi, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tengani kope, lembani ngongole zonse: kwa ndani, zingati, chiwongoladzanja chake, tsiku lobweza. Ambiri amaopa kulemba chifukwa safuna kuona chiwerengero chake, koma ngongole yosalembedwa imakula m'mutu kuposa mmene ilili. Mukalemba, yambani kubweza imene ikukula msanga, kawirikawiri ndi yakatapila, ngakhale mwini wake sakukuvutitsani. Enawo pitani mukaonane nawo masana, muli ndi mboni, kaya a mfumu, kaya mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti, munene zimene mungathe pamwezi, mulemberane. Kuzimitsa foni ndi kuzemba njira sikuchotsa tambala ngakhale imodzi. Musatenge ngongole yatsopano yobwezera yakale pokhapokha yatsopanoyo ili yotsika chiwongoladzanja ndipo mwawerenga bwino. Musapereke chitupa cha unzika, khadi ya ku banki ndi nambala yake yachinsinsi, kapena munda wa makolo ngati chikole. Ndalama imapezeka ina, koma munda ukapita ana anu adzalima kuti? Ndipo ngati muli pabanja, mnzanuyo adziwe. Ngongole yobisa imaululika tsiku limene anthu abwera kudzanyamula katundu, ndipo tsiku limenelo pamatha zinthu ziwiri, katundu ndi chikhulupiriro.

Wina akafika poganiza zodzipweteka chifukwa cha ngongole, chonde asakhale yekha. Auze mnzake, auze m'busa kapena shehe, apite kuchipatala. Ndipo ife tikaona mnzathu wasiya kubwera ku kalabu, wasiya kuseka, tikam'peze kwawo. Palibe ngongole imene mtengo wake ungafanane ndi moyo wa munthu.

Pali chinthu chimodzi chovuta chimene sindingachidumphe, ndicho abale. Kwathu kuno ukagulitsa mbewu mudzi wonse umadziwa. Amalume abwera, alamu abwera, mnzako wa ku pulayimale wakumbukira dzina lako. Kuthandizana ndi chikhalidwe chathu ndipo tisachitaye, mawa ovutika ndife. Koma patulani ndalama yothandizira abale, idziwike kuti ndi yakuti, ikatha yatha. Apa ndi pamene kugula feteleza msanga kumathandizanso. Munthu sanama akamati ndalama ndilibe, ndagula feteleza. Ndipo mbale amene mwam'kaniza K5,000 ya mowa mu Juni ndi yemweyo amene mudzathe kum'patsa ndowa ya chimanga mu Febuluwale, chifukwa nkhokwe yanu idzakhala ilipo.

Ndimalize ndi ntchito, chifukwa nkhani yopanda ntchito imathera pakhomo la holo. Aliyense agule kope laling'ono. Patsamba loyamba lembani ndalama zimene mwapeza kapena mukuyembekeza nyengo ino, muzigawe pa 12. Patsamba lachiwiri lembani ngongole zanu zonse. Kuyambira patsamba lachitatu lembani chilichonse chimene mwagula tsiku ndi tsiku, ngakhale chitumbuwa, kwa masiku 30. Pa msonkhano wa mwezi wamawa mubwere nalo. Palibe amene adzawerenge kope la mnzake mokweza, aliyense adzangonena chinthu chimodzi chimene chamudabwitsa. Ndipo ndikupempha akomiti kuti tidzakhalenso pansi mu Febuluwale, mvula ili pakati, tidzafunsane kuti ndani wadutsa Januwale osagogoda pakhomo la wakatapila.