Kugulira Makolo Magetsi a Dzuwa

Ciyambire cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, ambiri a ku migodi afuna kugulira makolo ao ku Madzimoyo sola. Koma munthu ayambe wawerenga nyali za m'nyumba asanapite kusitolo ku Chipata. Nyali zinai za mawati 5, zikayaka maola asanu, zimadya mphamvu yolingana ndi mawati 100 kwa ola lathunthu. Wailesi ndi foni zionjezapo. Pamenepo sola ya mawati 50 ikwana. Wogula yocepera apo adzamva m'mwezi wa January, mitambo itabisa dzuwa, kuti nkhalamba zagona mumdima batire itatha. Sola iyang'ane kumpoto, kutali ndi mthunzi wa mango, ndipo fumbi lace lizipukutidwa.